Howard Hughes: chuma chinalipo, koma matenda a OCD anamutsekera m'chipinda

Pa 5 April 1976, ndege yaing'ono inanyamuka ku Acapulco m'dziko la Mexico kulowera ku Houston, ku America, itanyamula wodwala amene ankathamangira naye kuchipatala. Sanafike wamoyo. Anali bambo wa zaka 70, wamtali masentimita 193, koma thupi lake linkalemera makilogalamu pafupifupi 41 okha. Tsitsi, ndevu ndi zikhadabo zinali zitakula kwambiri, ndipo nkhope inali itasinthiratu moti apolisi a FBI anachita kuyeza zidindo za zala zake kuti atsimikize kuti malemuyo ndi ndani.

Mwina mukuganiza kuti anali munthu wosowa womusamalira. Ayi ndithu. Ameneyu anali Howard Hughes, mmodzi mwa anthu olemera kwambiri padziko lonse pa nthawiyo, mwini wa makampani akuluakulu ndi mahotela. Anali ndi antchito omudikirira usana ndi usiku, komanso madokotala akeake. Akatswiri amene anafufuza za moyo wake atamwalira amati ankadwala matenda a maganizo otchedwa obsessive-compulsive disorder, mwachidule OCD. Mbiri yake ikuthandizani kumvetsa momwe matendawa amagwirira munthu, chimene chimawakulitsa, komanso momwe anthu amene amamufunira wodwala zabwino angawonjezere vutoli mosadziwa.

Mwana mmodzi m'banja lolemera

Hughes anabadwa mu 1905 m'chigawo cha Texas, ndipo anali mwana yekhayo m'banja mwawo. Bambo ake analemera chifukwa cha chitsulo chobowolera miyala yolimba pokumba zitsime za mafuta, chomwe makampani ambiri okumba mafuta ankadalira. Mayi ake, a Allene, ankaopa matenda kwambiri, makamaka poliyo yemwe ankapundula ana ambiri masiku amenewo. Ankamuyang'ana mwanayo m'thupi kawirikawiri, ankasankha mosamala zoti adye, ndipo kachizindikiro kalikonse ka kudwala kankawasowetsa mtendere.

Mayiwo anamwalira mu 1922, bambo ake n'kutsatira mu 1924. Ali ndi zaka 18 zokha, Hughes anatsala wamasiye ndi gawo lalikulu la kampani ya bambo ake m'manja. Kuyambira pamenepo panalibenso munthu amene akanamuletsa kanthu.

Musafulumire kuloza chala mayi ake. OCD siyamba ndi chinthu chimodzi. Matendawa amayenda m'magazi, moti amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi ali nawo amakhala pa chiopsezo chokulirapo. Kafukufuku wojambula ubongo waonetsanso kuti mbali zina za ubongo, zomwe zimachenjeza munthu kuti pali cholakwika, zimagwira ntchito mopitirira muyeso mwa odwalawa. Zimene munthu wakumana nazo, monga imfa ya okondedwa, mantha a paubwana kapena kupanikizika m'maganizo, zimatha kudzutsa matendawa kapena kuwakulitsa.

Kutchuka ndi zizindikiro zoyamba

Hughes anasamukira ku Los Angeles n'kuyamba kupanga mafilimu. Filimu yake ya Hell's Angels, yomwe inatuluka mu 1930, inadya madola mamiliyoni chifukwa ankajambulitsa mobwerezabwereza mpaka zonse zikhale momwe iye akufunira. Mu 1932 anakhazikitsa kampani yopanga ndege, ndipo ndegezo ankaziyendetsa yekha. Mu 1935 anaulutsa ndege pa liwiro la makilomita 567 pa ola, lomwe ndege zotera pamtunda zinali zisanafikepo. Mu July 1938, iye ndi anzake anayi anazungulira dziko lonse pa ndege m'maola 91, ndipo anthu a ku New York anakhamukira m'misewu kukamuchingamira.

Koma amene ankadya naye limodzi anali atayamba kale kuona zachilendo. Nsawawa za m'mbale ankazisankha potengera kukula kwake, ndipo anali ndi foloko yapadera yochitira zimenezi. Cha m'ma 1944, antchito ake anaona kuti akumabwereza chiganizo chimodzimodzi kambirimbiri polankhula. Ambiri ankangoti ndi khalidwe la anthu anzeru ndi olemera. Palibe amene anaganiza zoti akudwala.

Umu ndi momwe zimakhalira kwa odwala ambiri. OCD imayamba pang'onopang'ono, nthawi zambiri munthu ali wachinyamata kapena asanakwanitse zaka 25, ndipo si kawirikawiri kuti iyambe munthu atadutsa zaka 35. Pa anthu 100 alionse, mmodzi mpaka atatu amadwala matendawa pa moyo wawo. Ambiri amabisa kwa zaka chifukwa cha manyazi.

Kodi OCD ndi chiyani kwenikweni?

Matendawa ali ndi mbali ziwiri zomwe zimakokana.

Mbali yoyamba ndi maganizo okakamira. Awa ndi maganizo kapena zithunzi zomwe zimabwera m'mutu mwanu musakuzifuna, mobwerezabwereza, n'kukuchititsani mantha, manyazi kapena kunyansidwa. Kwa Hughes, ganizo lake linali lakuti majeremusi ochokera kwa anthu ena amupha. Kwa wina, ndi kukayikira kosatha ngati wazimitsa mbaula kapena wakhoma chitseko. Mayi amene wangobereka kumene amatha kumaona chithunzi m'mutu akuvulaza khanda lake, chonsecho amalikonda ndi mtima wonse. Munthu wopemphera amatha kumavutika ndi mawu onyoza Mulungu amene amangotulukira m'maganizo ali pakati pa pemphero.

Mbali yachiwiri ndi zochita zokakamizika, zomwe munthu amachita pofuna kuthetsa manthawo: kusamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, kubwerera kukaona loko maulendo 10, kuwerenga manambala chamumtima, kuyambiranso pemphero chifukwa choganiza kuti silinayende bwino, kusanja zinthu mpaka mtima uvomere, kapena kufunsa achibale funso limodzimodzi kuti akutsimikizireni kuti palibe choipa chichitike.

Msampha uli apa. Mukachita chinthucho, mtima umakhala pansi kwa kanthawi. Ubongo umaphunzira kuti mwapulumuka chifukwa mwasamba kapena mwabwerera kukaona. Ganizo lija likabweranso, chikakamizo chimakhala champhamvu kuposa poyamba. Zili ngati kukanda mphere: pokanda mumamva bwino, koma kuyabwa kumawonjezeka ndipo chilonda chimakula.

Pafupifupi aliyense nthawi zina amadutsidwa ndi ganizo lodabwitsa kapena amabwerera kukaona chitseko. Kusamba m'manja musanadye, pochokera kuchimbudzi kapena m'nyengo ya kolera ndi ukhondo woyenera. Achipatala amaganizira za OCD pamene zimenezi zikudya nthawi yoposa ola limodzi patsiku, zikukusowetsani mtendere, kapena zikusokoneza sukulu, ntchito ndi banja.

Dziwaninso kuti ambiri odwala OCD amazindikira kuti mantha awo ndi opitirira muyeso, koma amalephera kudziletsa. Apa ndi pamene matendawa amasiyana ndi matenda ena a maganizo omwe munthu amamva mawu kapena kuona zinthu zomwe palibe. Maganizo oipa amene amabwerawo sasonyeza khalidwe la munthuyo. Amamuzunza chifukwa chakuti akutsutsana ndi zimene iye amakhulupirira ndi kukonda.

Ngozi ya 1946

Pa 7 July 1946, Hughes ankayesa ndege yatsopano yotchedwa XF-11 pamene inachita vuto m'mwamba n'kugwera pa nyumba za anthu ku Beverly Hills. Anathyoka nthiti ndi fupa la paphewa, phapo limodzi linawonongeka, ndipo anapsa kwambiri. Madokotala sankayembekezera kuti akhala moyo, koma anachira. Chaka chotsatira, pa 2 November 1947, anaulutsa ndege yake yaikulu ya matabwa, H-4 Hercules, yomwe inauluka kamodzi kokha kwa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka.

Ngoziyo inamusiyira ululu wosatha, ndipo anayamba kudalira mankhwala opha ululu a codeine. Patapita zaka anawonjezeranso mankhwala oziziritsa mtima a Valium. Anawagwiritsa ntchito mpaka imfa yake. Mankhwalawa, pamodzi ndi kuvulala m'mutu pa ngozi zingapo, anawonjezera mavuto amene anali nawo kale.

Apa pali chenjezo kwa inu. Munthu amene nkhawa ikumusowetsa tulo amatha kuthawira ku mowa, chamba kapena mapiritsi ogonetsa. Zimenezi zimangophimba manthawo kwa maola ochepa, sizichiza OCD, ndipo mapeto ake munthu amakhala ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi.

Antchito omvera chilichonse

Mu 1958, Hughes anauza antchito ake kuti akufuna kuonera mafilimu m'chipinda china choonetsera kanema ku Hollywood. Anakhala mumdima m'menemo miyezi pafupifupi inayi osatuluka. Ankadya chokoleti ndi nkhuku, kumwa mkaka, atazunguliridwa ndi makatoni a matishu omwe ankawasanja ndi kuwasanjanso. Antchito analamulidwa kuti asamuyang'ane kapena kumulankhula pokhapokha iye atayamba.

Ankalemba malamulo atsatanetsatane a momwe chilichonse chiyenera kuchitikira. Wotsegula chitseko ankayenera kugwira chogwirira ndi matishu 6 mpaka 8. Malangizo a katsegulidwe ka chitini cha zipatso anali masamba atatu: kuchotsa pepala la pachitini, kuchikwecha ndi burashi ndi sopo watsopano, ndipo pa nthawi yonseyo wantchito asalankhule kapena kutsokomola. Antchitowo ankatsatira zonsezi. Ankalipidwa bwino, ndipo wotsutsa akanachotsedwa ntchito.

Chodabwitsa ndi chakuti munthu woopa majeremusiyu anasiya kudzisamalira. Ankatha nthawi yaitali osasamba, osatsuka mano, ndipo tsitsi ndi zikhadabo ankadula mwa apo ndi apo. Katswiri wa za maganizo Raymond Fowler, amene anapemphedwa kufufuza moyo wa Hughes atamwalira, anapeza kuti iye ankaona ngati majeremusi amachokera kwa anthu ena ndi kunja, osati m'thupi mwake. Choncho mukamva wina akunena kuti ali ndi OCD chifukwa amakonda m'nyumba moyera, dziwani kuti sizolondola. OCD si kukonda ukhondo. Ndi mantha amene amalamula munthu, ndipo malamulo ake satsata nzeru.

Chimene antchito a Hughes ankachita chimachitikanso m'mabanja wamba. Mwana akamaopa kugwira chitseko, mayi amamutsegulira. Mwamuna akamafunsa kakhumi ngati geti yakhomedwa, mkazi amayankha kakhumi kuti pakhomo pakhale mtendere. Ena amagula sopo wambiri, amachapanso zovala zoyera kale, kapena amasiya kulandira alendo. Zonsezi zimachitika chifukwa cha chikondi, koma kafukufuku wasonyeza kuti banja likamagonjera kwambiri zofuna za matendawa, zizindikiro zimakula ndipo chithandizo chimavuta kugwira ntchito. Munthu wosauka amakakamizika kutuluka kukasaka chakudya, kukwera minibasi ndi kugwira ndalama zomwe zadutsa m'manja ambiri. Hughes anali ndi ndalama zolipira anthu kuti asakumanenso ndi chilichonse chomwe ankachiopa, ndipo mantha ake anakula popanda chowatchinga.

Chaka chomwe anadzitsekera, chithandizo chinapezeka

Mu November 1966, Hughes anafika ku Las Vegas n'kukalowa m'zipinda zapamwamba penipeni pa hotela ya Desert Inn. Eni hotelayo atamupempha kuti atuluke, iye anangoigula mu 1967. Anakhala m'menemo zaka zinayi, makatani ali otseka. Anagula mahotela ena angapo mumzindawo, komanso wailesi ya kanema ya KLAS kuti izionetsa mafilimu usiku wonse pamene iye akusowa tulo. Mkazi wake wachiwiri, Jean Peters, amene anamukwatira mu 1957, ankangolankhula naye pa foni, ndipo banjalo linatha mu 1971.

Chaka chomwecho cha 1966, ku London, katswiri wa za maganizo Victor Meyer wa pachipatala cha Middlesex anafalitsa zotsatira za odwala awiri a OCD amene anawathandiza m'njira yatsopano. Anachita zosiyana kotheratu ndi zimene antchito a Hughes ankachita. Ankawafikitsa odwalawo pa zinthu zomwe ankaziopa, kenako iye ndi anamwino n'kuwathandiza kuti asachite zochita zawo zokakamizika zija. Poyamba mantha ankakwera, koma kenako ankatsika okha, ndipo odwalawo anapeza bwino. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankaona OCD ngati matenda osachizika.

Njira imeneyi lero imatchedwa exposure and response prevention, mwachidule ERP, ndipo ndi imene imadaliridwa kwambiri pochiza OCD. Imayenda motere. Inu ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino mumalemba zinthu zomwe mumaziopa, kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu. Mumayamba ndi chopepuka, mwachitsanzo kugwira chogwirira chitseko n'kukhala osasamba m'manja. Mtima umagunda, thukuta limatuluka, koma mukapirira, nkhawayo imayamba kuchepa. Mukabwereza masiku angapo, ubongo umaphunzira kuti choopsa chija sichichitika, komanso kuti nkhawa mungathe kuipirira popanda kusamba. Kenako mumapita pa chinthu chotsatira. Kawirikawiri pamafunika kukumana ndi mlangizi maulendo 12 mpaka 20, kuphatikizapo zoyeserera kunyumba. Palibe amene amakukakamizani. Sitepe iliyonse mumagwirizana.

Palinso mankhwala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, madokotala a ku Spain anaona kuti clomipramine amachepetsa zizindikiro za OCD, ndipo dziko la America linavomereza mankhwalawa pa matendawa mu 1989, Hughes atamwalira kale. Lero madokotala amakonda kuyamba ndi gulu la mankhwala otchedwa SSRI, monga fluoxetine ndi sertraline, omwe amagwiranso ntchito pa matenda a kukhumudwa. Pa OCD, mlingo wake umakhala wokwererapo, ndipo pamatenga masabata 8 mpaka 12 kuti muone kusintha kwenikweni. Ambiri amasiyira panjira poganiza kuti sakugwira ntchito. Akayamba kuthandiza, amamwedwa kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo kusiya kumachitika pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Kwa amene matenda awakulira, kuphatikiza mankhwala ndi ERP kumathandiza kwambiri.

Zaka zomaliza

Hughes anachoka ku Las Vegas mwachinsinsi mu November 1970. Kuchokera apo ankangosamukasamuka m'mahotela a ku Bahamas, Nicaragua, Canada, England ndi Mexico. Kulikonse kumene wafika, chipinda chinkakonzedwa mofanana: mawindo otchinga, bedi, ndi makina oonetsera mafilimu. Mu 1973 ali ku London anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo sanayendenso. Ankadya pang'ono kwambiri. Atamwalira, madokotala anapeza kuti impso zake zinasiya kugwira ntchito, ndipo zithunzi za X-ray zinaonetsa zidutswa za singano za jakisoni zomwe zinathyokera m'mikono mwake.

Mu 1953, munthu yemweyu anakhazikitsa bungwe la Howard Hughes Medical Institute, lomwe mpaka lero ndi limodzi mwa mabungwe akuluakulu othandiza kafukufuku wa zamankhwala ku America. Koma iye mwini sanalandire chithandizo chomwe chikanalimbana ndi matenda ake. Amene anamuzungulira ankamupatsa zimene wapempha. Ngati munaonerapo filimu ya The Aviator ya mu 2004, momwe Leonardo DiCaprio anasewera ngati Hughes, munaona chiyambi chabe cha mavutowa, chifukwa filimuyo imathera m'zaka za m'ma 1940.

Ngati ndi inu kapena m'bale wanu

Mukaona kuti zina mwa izi zikufanana ndi zimene mukukumana nazo, dzifunseni mafunso atatu. Kodi pali ganizo limene limabwerabwera ngakhale mukulikana? Kodi pali chinthu chimene mumachita mobwereza kuti mtima ukhale pansi? Nanga zimenezi zikukudyerani nthawi yochuluka bwanji patsiku, ndipo zakulepheretsani chiyani?

Mayankho akakudetsani nkhawa, pitani kuchipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi n'kupempha kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kuno ku Malawi, chithandizo cha matenda a maganizo chimapezeka m'zipatala za m'maboma, kuchipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Musanapite, lembani papepala kapena mufoni maganizo amene amakuvutitsani, zimene mumachita pofuna kuwathetsa ndi nthawi imene zimatenga. Fotokozani zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Ambiri amangonena za kusowa tulo kapena mutu, n'kubwerako ndi panado, vuto lenileni osalitchula. Funsani mwachindunji ngati pali wina wodziwa njira ya ERP. OCD nthawi zambiri imayendera limodzi ndi matenda a kukhumudwa, choncho ngati mwayamba kuganiza zodzipha, uzani munthu amene mumamudalira ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngati wodwalayo ndi mwana wanu, mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu, musamukalipire kapena kumuseka, ndipo musamuuze kuti angosiya. Akanatha, bwenzi atasiya kale. Matendawa si ufiti, si ulesi, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mapemphero ndi chilimbikitso cha abale zingathe kuyendera limodzi ndi chithandizo cha kuchipatala. Koma musakhalenso ngati antchito a Hughes. Khalani naye pansi pa nthawi imene mtima wake uli m'malo, mugwirizane chinthu chimodzi chaching'ono chomwe musiye kumuchitira, monga kuyankha funso lija kachiwiri kapena kumutsegulira chitseko. Musasiye zonse tsiku limodzi, chifukwa zimenezo zimangobweretsa mkangano. Muuzeni kuti mukuona kuti akuvutika ndipo muli naye limodzi, koma simuthandizira matendawo. Pa ulendo woyamba wa kuchipatala muperekezeni, ndipo mufunse achipatala momwe inu a pakhomo mungachepetsere pang'onopang'ono zimene mwakhala mukumuchitira.